Mmene Ndinathirira Klorini mu Mchere wa Akazi Anga

Klorini amene anapezeka mu mchere wa akazi anga ndinamuthira ndine, ndipo ndinamuthira ndi pakamwa pokha. Manja anga tsiku limenelo anali girisi mpaka m'zigongono, mcherewo sindinaukhudze n'komwe.

Ine ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, m'mphepete mwa kamsika ka kwathu kuno kwa Katunga. Akazi anga amagulitsa mchere chapafupi pomwepo, moti ndikayetsemula amamva. Linali tsiku la msika, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lakuti ukagwira sipanala umaiponya pansi. Akabaza anayi anali atakhala pa benchi yanga kudikira kuti ndiwamatire machubu. Neba wanga analinso pomwepo, bambo msodzi amene makolo ake anachokera ku Mozambiki, amene polankhula amaphatikiza Chimang'anja ndi Chisena osadziwa kuti waphatikiza. Anali akudya mango osapsa, akusinsitsa mu mchere umene akazi anga anamutapira pa chikhatho. Iye mchere amati munyu.

"Munyu uwu, shamwali, palibe wina," anatero akutafuna.

Ndikanangovomera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali nditangowerenga kumene zinazake, ndipo zinali kundiyabwa pakhosi kuyambira m'mawa.

"Kodi mukudziwa chimene mukudyacho?" ndinafunsa, ndikukweza mawu pang'ono kuti akabaza amve. "Mu mcheretu muli zinthu ziwiri. Muli sodiyamu, chitsulo chofewa choti mukachiponya m'madzi chimathetheka mpaka kuyaka. Ndiyeno muli klorini."

"Klorini uti? Wa azaumoyo uja?" anafunsa wakabaza wina.

"Yemweyo. Akakhala payekha ndi mpweya woti mukaupuma wambiri, tikukuimbirani nyimbo."

Neba wanga anasiya kutafuna. "Ndi munyu wa alamu angawu womwe?"

"Makamaka umenewo," ndinayankha monyadira. "Simukuona kuyera kwake?"

Ine ndinkatanthauza kuti mchere wa akazi anga ulibe dothi, ndi mchere weniweni. Anthu onse anangoti zii. Ine kumva ziiyo ndinati, eya, lero andipatsa ulemu. Ndinabwerera pa chubu changa mtima uli m'malo ngati munthu amene wapereka ulaliki wabwino.

Ndiyenera kunena kumene ndinazitenga nzeru zimenezi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma kuwerenga sindinaleke. Ndimawerenga nyuzipepala yokulungira usipa, pepala la mu bokosi la mankhwala, malangizo a pa thumba la feteleza. Ndili ndi dikishonale yopanda chikuto imene imayambira pa chilembo chachitatu, choncho mawu a Chingerezi oyamba ndi zilembo ziwiri zoyambirira ndimangowaganizira. Mwana wathu woyamba atakwatiwa kwa Mlolo anasiya mabuku ake a kusekondale m'katoni pansi pa bedi. Madzi osefukira atalowa m'mudzi tinathawira kusukulu ya kumtunda, ndipo pobwerera tinapeza katoniyo itasanduka phala. Buku limodzi lokha la sayansi ndilo linapulumuka, litatupa ngati chitumbuwa. Ndinaliyanika padenga masiku atatu. Masamba ambiri anatseguka, ena anamatana awiriawiri kapena atatuatatu. Ine ndinalibe nazo ntchito, ndinkangodumpha omatanawo n'kupitiriza. Tsamba lonena kuti mu mchere muli sodiyamu ndi klorini linathera pomwepo, ndipo lotsatira lotseguka linali litayamba kale nkhani ina. Ndinkaganiza kuti nkhani ya mchere ndaimaliza.

Klorini nayenso tinadziwana naye nthawi ya madzi yomweyo. Kumsasa kusukulu kuja azaumoyo ankatithirira m'ndowa iliyonse kuopa kolera. Ine ndinamwa, ana anamwa, tili moyo. Koma fungo lake anthu sanalikonde, ndipo manong'onong'o anali ambiri: ena amati amafoola amuna, ena amati amatseka mimba. Zabodza zonsezo, koma zinakhazikika. Ndiye onjezanipo kuti kuno mchere si chinthu chochitira nthabwala. Tonse tinakula tikudziwa kuti pali masiku amene mayi sathira mchere m'ndiwo, ndipo ngakhale ife opita kutchalitchi mlungu uliwonse timazidziwa, timangokhala chete. Kutenga mawu awiriwa, mchere ndi klorini, n'kuwaika m'chiganizo chimodzi pakati pa msika, panafunika munthu wowerenga ngati ine.

Mchere wa akazi anga si wogula kwina. Kumunsi kwa mudzi wathu kuli dambo limene chilimwe limatuluka zoyera pamwamba pa nthaka ngati wina wawaza ufa. Chimanga sichimera pamenepo, ndipo mjigo wa chapafupi madzi ake sopo sachita thovu. Amayi amapala dothi loyeralo, amaliika m'chidebe choboola pansi, amathira madzi, n'kutcheza monga amatchezera chidulo. Madzi odonthawo amawaphika m'chiwaya mpaka mchere utatsala. Amayi ambiri amachita zimenezi, koma mchere wawo umatuluka wotuwa, wina wofiirira, wina wowawira kumapeto kwa lilime. Wa akazi anga unkatuluka woyera mbee. Njira yake anaphunzira kwa mayi awo ali mtsikana, ndipo sankauza munthu. Ngakhale ine sindinkaidziwa, poti ndinali ndisanafunsepo. Ndinkaona ngati ndi zakukhitchini, pamene ine ndili pa sayansi.

Tsiku la msika lotsatira akazi anga anabwerera kunyumba beseni lili lodzaza monga linapitira. Lotsatiranso chimodzimodzi. Anthu ankadutsa pamalo pawo n'kukagula mchere wotuwa wa mayi wina woyandikana nawo, mnzawo amene amaimba naye kwaya. Neba wanga, amene ankatenga ndowa yathunthu yothira nsomba zoyanika, anayamba kudzera njira ya kuseri kwa nyumba yathu.

Tsiku la msika lachitatu ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde, beseni lili pambali.

"Bambo a ana, khalani pansi," anatero.

Ndinakhala.

"Ndamva kuti ine ndimathira klorini mu mchere kuti uyere. Akuti ndinabisa mabotolo nthawi ya kumsasa. Akuti amuna amene akudya mchere wanga aona okha. Mayi wina wandifunsa pamjigo ngati ndimaudya inenso kapena ndili ndi wina wapadera."

"Amenewo ndi anthu osaphunzira, mayi. Ndani wanena zopusa zimenezo?"

"Ndinafunsanso choncho. Akuti wanena ndi mwamuna wanga, pamaso pa anthu, ndipo akuti anati makamaka wanga."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati klorini alimodi, koma osati choncho. Iwo anati nanga motani. Ndinati ali mkati. Anati anamuika mkatimo ndani. Ndinati palibe. Anati ngati palibe anamuika, analowa bwanji, ndipo ngati ndi wakupha, bwanji ana athu asanu akula akudya mchere womwewu? Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti ndinanyamula theka la nkhani n'kukaligulitsa pamsika ngati yathunthu.

"Beseni ili lisakudetseni nkhawa," anatero akazi anga. "Mchere suwola. Koma ine ndakhala m'mudzi muno zaka zonsezi palibe anandilozapo chala. Lero kukwaya ndikakhala pabenchi anzanga akusendera uko. Akundiyesa munthu wodyetsa anthu mankhwala. Dzina langa mwalitaya ndinu, mulitole ndinu."

M'mawa mwake sindinapite kunimu. Ndinatenga buku lija n'kuyamba kulimbana ndi masamba omatana. Ndinayesa ndi mpeni, tsamba linayamba kung'ambika. Ndinayesa ndi lezala, linasenda zilembo. Akazi anga anali kuseri akuphika mchere, chifukwa ngakhale unali wosagulidwa iwo sanasiye. Anandiyang'ana kanthawi ndikuvutika.

"Bweretsani kuno," anatero. "Chinamata ndi madzi, chimatula ndi madzi."

Anagwira bukulo pamwamba pa chiwaya, pa nthunzi, akulitembenuza pang'onopang'ono. Kenaka analowetsa kamtengo ka tsache pakona, ndipo masamba atatu analekana okha popanda kung'ambika. Anandibwezera bukulo. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa pafupi nawo, dikishonale pa bondo, ndipo ndinawerenga mpaka dzuwa linafika pamutu.

Masambawo ankasiyanitsa zinthu za mitundu itatu, ndipo ndizinena m'mawu anga monga ndinawauzira akazi anga tsikulo.

Choyamba amachitcha elementi. Ndi chinthu cha mtundu umodzi mpaka mkatikati. Waya wofiira wa kopa amene ndimamasula mu dainamo yakufa, mumudule, mumupere, mumusungunule, mupeza kopa yekhayekha, mulibe china chobisala. Sodiyamu ndi elementi, klorini ndi elementi, kaboni amene ndiye wochuluka m'makala nayenso ndi elementi.

Chachiwiri ndi mikisicha. Apa zinthu zangokhalira pamodzi, koma chilichonse chikadali ndi khalidwe lake. Mpunga ndi mankhusu ake. Mapira ndi timiyala. Mukhoza kuchulutsa ichi n'kuchepetsa icho mmene mwafunira, ndipo mukhoza kuzilekanitsa ndi lichero, ndi sefa, ndi madzi, ndi moto wa nkhuni.

Chachitatu, chimene chinandigwetsa ine, ndi kompaundi. Apa maelementi sanangokhalira pamodzi ayi, agwirana, ndipo agwirana mwa muyeso wake umodzi wosasintha, mpaka asanduka chinthu china chatsopano. Khalidwe lakale latha. Madzi ndi otero: muli mpweya wina umene umayaka, ndi wina umene umakoleza moto, koma akagwirana amazimitsa moto. Mchere ndi wotero: pa kadontho kalikonse ka sodiyamu pali kadontho kamodzi ka klorini, ogwirana kolimba moti ukali wa onse awiri unatheratu. Mupete, musefe, muphike m'chiwaya mpaka nkhuni zithe, klorini simumuona.

Akazi anga ankamvetsera uku akuyengula thovu pachiwaya.

"Ndiye dothi limene ndimapala kudambo ndi mikisicha," anatero.

"Eya."

"Madzi odontha m'chidebe ndi mikisichanso, poti ndikaphika madzi amapita, mchere umatsala."

"Eya."

"Koma wotsalawo, ndi chija chachitatu. Sindinaupange ine, ndinangouchotsa m'dothi."

"Mayi, mwamva msanga bwanji! Ine zanditengera m'mawa wonse."

"Ndinazimva ndili ndi zaka khumi. Mayina okha ndiwo ndinalibe."

Ndinkafuna kuthamangira kumsika nthawi yomweyo ndi buku m'manja. Iwo anakana. Anati anthu andimva kale kamodzi, ndipo taona zimene zinatuluka. Anati munthu amene wauzidwa kuti mu mchere muli mankhwala sangamasuke ndi mawu ena a mwamuna yemweyo, afunika aone ndi maso mcherewo ukubadwa. Anawerama n'kuyamba kusonkhezera moto. Ndinadziwa chimene chinkawalemera. Kuonetsa anthu kuti sathiramo kanthu kunali kuwaonetsa zonse zimene amachita, njira ya mayi awo imene anaisunga zaka makumi atatu.

"Ndiwaonetsa," anatero. "Kuli bwino mchere wa aliyense uyere kusiyana ndi kuti wanga uziopedwa."

Lamulungu potuluka m'tchalitchi anaima pakhomo n'kuitana amayi onse kuti Lachitatu m'mawa abwere kudambo. Anati aliyense abwere ndi khasu lake, madzi ake, ndipo chiwaya chikhale cha mnzawo wa kwaya uja. Iwo sadzagwira kanthu, adzangolankhula.

Anabwera anthu oposa amene tinkayembekeza. Amayi anadzaza pansi pa mtengo wa msangu, akabaza anaimika njinga zawo chapatali, ndipo neba wanga anafika ndi mkazi wake, amene ndinamva kuti ndiye anamuletsa kugula munyu wathu. Akazi anga anamanga chitenje m'chiuno, anapinda manja pachifuwa kuti aliyense awaone, n'kuyamba kulamula.

"Achemwali, musakumbe. Palani pamwamba pokha, zoyerazo. Mukazamitsa khasu mukutenga matope."

Mayi wa kwaya uja ndiye ankagwira ntchito. Anatcheza koyamba, madzi anatuluka ofiirira, ndipo ankafuna kuwathira m'chiwaya monga amachitira masiku onse.

"Ayi. Atchezeninso kachiwiri, pa mchenga wa kumtsinje ndi saka yochapa. Mukatero muwasiye akhale, zinyalala zigone pansi. Ine ndimawasiya mpaka mawa, koma lero tidikira pang'ono chabe."

Nthawi yodikirayo ndiyo anandipatsa ine. Anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti, bambo, pang'onopang'ono.

Ndinali nditakonzeka. Ndinatenga mchere wodzaza dzanja, ndinathiramo tizitsulo timene timagwa ndikamapala ndi fayilo, ndinasakaniza pa mbale mpaka zinada. Ndinafunsa ngati alipo angadye. Palibe. Kenaka ndinatulutsa maginito a mu sipika ya wailesi yakufa, ndinawayendetsa pamwamba, ndipo tizitsulo tonse tinadumphira pa maginitowo, mchere n'kutsala woyera.

"Iyi ndiyo mikisicha," ndinatero. "Chimene munthu wathira, munthu akhoza kuchotsa, ndipo chimaoneka, chimamveka. Akanakhala kuti akazi anga amathira klorini wa azaumoyo, bwenzi mukumva fungo lija la kumsasa. Nunkhizani."

Mbale inazungulira. Ananunkhiza onse, ena kawiri.

"Nanga inu munaneneranji kuti alimo?" anafunsa mkazi wa neba wanga. "Tinakukakamizani?"

"Ndikubwera komweko, mlamu."

Ndinatenga shuga woyera pa supuni, ndinamuika pa chivundikiro cha chitini, n'kuchiika pamoto. Shugayo anasungunuka, anafiira, ananunkha, anatuluka utsi, mpaka panatsala chinthu chakuda bii chonga khala. Ndinachikweza m'mwamba.

"Mukuona? Mu shuga muli kaboni, yemwe uja wa m'makala."

Bambo wina wachikulire amene anadula nzimbe kuesiteti zaka zambiri anaimirira. "Ndiye mukuti kufakitale amathiramo makala?"

Phokoso linayamba. Ndinaona akazi anga akutseka maso. Ndinali pafupi kuyambitsa mphekesera yachiwiri, ya chigwa chonse ulendo uno.

"Iyayi, achimwene, sathiramo kanthu!"

"Ndadziwa," anatero bamboyo. "Ndi a moto uja. Nzimbe timazitentha tisanadule, timatuluka m'munda tili bii. Makala ake ndi amenewo, amalowa momwemo."

Ambiri anavomereza, chifukwa aliyense kuno anaonapo phulusa la nzimbe likugwera pa zovala zoyanika. Koma masamba atatu aja anali m'mutu. Ndinapempha tambula ya madzi, ndinathiramo shuga wina, ndinatakasa mpaka anasungunuka, n'kuwapatsa bambowo.

"Yang'anani padzuwa. Mukuona chakuda?"

"Ayi."

"Sefani pa mpango wanu."

Anasefa. Mpango unangonyowa.

"Phulusa la kumunda lija ndi mikisicha, limachoka poyeretsa. Koma kaboni uyu sanathiridwe ndi munthu. Ndi thupi la shugayo, wagwirana ndi anzake awiri mpaka sakuonekanso ngati khala, sakomanso ngati khala. Moto waukali wokha ndiwo wawalekanitsa. Mwakhala mukumwa tiyi zaka zonsezi, munatsukapo makala m'kapu?"

Bamboyo anayang'ana mpango wake, anayang'ana chivundikiro, n'kumwa madzi a shugawo onse. Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndinakumva ngati mphepo ya kumtsinje.

"Mchere ndi chimodzimodzi," ndinapitiriza. "Klorini alimo monga kaboni alili mu shuga. Sanathire munthu, ndipo salinso klorini amene mukumudziwa. Umu ndi mmene mchere unalengedwera."

Mayi wa kwaya uja anaimirira pafupi ndi chidebe, manja ali matope. "Ndiye ndi wanga womwe alimo?"

"Wanu womwe, mayi. Wa m'golosale womwe, wochokera kunyanja ya ku Mozambiki womwe, umene anadya makolo athu womwe. Ukakhala wopanda klorini si mchere. Ndipotu wothiridwa kanthu ndi munthu ndi wa m'golosale, umene amaikamo ayodini pang'ono woteteza chotupa cha pakhosi, ndipo amachita bwino kutero."

"Nanga munati makamaka wa akazi anu bwanji?"

"Pamenepo ndinapusa," ndinatero. "Ndinkafuna kunena kuti wawo ulibe dothi. Ndinawerenga tsamba limodzi, atatu anali omatana."

"Mukanayamba mwamata pakamwa, masamba n'kumatula!" anakuwa wakabaza wina. Ndinaseka nawo, poti sananame.

Madzi otcheza aja anali atadekha. Akazi anga analamula kuti atsanulidwe mosamala osagwedeza za pansi. Chiwaya chitawira anauza mnzawoyo kuti aziyengula thovu lofiira nthawi zonse likabwera pamwamba. Ndiyeno anaulula chomaliza, chimene ndinaona kuti chinatuluka movutikira.

"Musadikire kuti chiwaya chiume. Mchere ukayamba kuundana, uvuuleni madzi akadalipo pang'ono, muuike m'dengu pamwamba pa phulusa udonthe. Madzi otsalawo ndiwo owawa. Mukawaumitsira momwemo, kuwawa konse kumalowa mu mchere."

Ine ndinadziwa kuti m'madzi otsalawo muli michere ya mitundu ina imene imachedwa kuundana, ndipo lilime linayabwa kuti ndinene. Ndinalikanikiza ndi mano. Pa zonse zimene ndinachita tsikulo, ndimanyadira kwambiri chimenechi.

Dzuwa litapendeka mchere unali m'dengu, woyera mbee, wochokera m'dothi la mayi wa kwaya, m'madzi ake, m'chiwaya chake, ndi manja ake. Akazi anga manja anali akadali pachifuwa. Mayi wa kwaya uja anatapa ndi chala n'kulawa. Kenaka anapita pamene panaima akazi anga, anagwada pang'ono n'kuwagwira dzanja.

"Achemwali, mundikhululukire. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti wanu umayera bwanji, ndiye nditamva zija ndinati ndi zomwezo. Ndinafalitsa nawo."

"Dzukani," anatero akazi anga. "Woyambitsa ndimagona naye nyumba imodzi. Mawa kukwaya mundisungire malo."

Sindinganame kuti zonse zinabwerera mwakale. Pasanathe mwezi mabeseni onse a pamzere wa mchere anali oyera, ndipo ogula sankasankhanso kwambiri. Akazi anga anataya chimene chinkawasiyanitsa ndi anzawo, ndipo anachitaya chifukwa cha pakamwa panga. Ndinawauza kuti zimenezi zimandipweteka. Anati iwo siziwapweteka, chifukwa tsopano amayi akamaphunzitsa ana awo aakazi amanena kuti njirayi anaionetsa ndi mayi a pafupi ndi nimu, ndipo pamjigo palibenso wowafunsa ngati amadya mchere wawo womwe. Ine ndimati ndikawayang'ana ali pachiwaya, ndimakumbukira kuti mawu onse aakulu a m'buku lija, kusungunula, kusefa, kudekha, kuphwetsa madzi, kuundana, iwo amawachita ndi manja mlungu uliwonse, mwa dongosolo lake, osaphonya. Ndinakhala zaka zambiri ndikufunafuna sayansi m'mapepala okulungira usipa, pamene inkaphikidwa kuseri kwa nyumba yanga.

Nanenso ndinapezapo kanga. Bambo wodula nzimbe uja amati akadutsa panimu amaima n'kundifunsa. Tsiku lina analoza matope, ndinati mikisicha. Tsiku lina analoza waya wa kopa, ndinati elementi. Tsiku lina analoza dzimbiri la pa tcheni, ndinati ndikayang'ane kaye. Ndinakayang'ana, mawa lake ndinamuuza kuti kompaundi, chitsulo chogwirana ndi mpweya. Mawu akuti ndikayang'ane kaye ndinawaphunzira mochedwa, koma tsopano ndimawanena mosachita manyazi. Masamba onse omatana a m'bukulo tinawamatula pa nthunzi, limodzi ndi limodzi.

Neba wanga anabwera Loweruka la mlungu womwe tinapita kudambo uja, kudzera njira ya kumaso, ndowa ili m'manja. Akazi anga akumuyezera mchere kuseri, iye anakhala nane pakhonde. Anatola buku lija, analitembenuza chadodolido, analibwezera pansi.

"Shamwali, ndaganiza bwino za zinthu zanu zitatu zija," anatero. "Alamu anga aja ndi elementi. Muwadule pano, muwadule apo, mupeza munthu mmodzi yemweyo."

"Nanga ine?" ndinafunsa, ndikudzikonza kolala.

"Inuyo kompaundi nkhabe. Inu ndinu mikisicha, ngati dothi la kudambo. Munyu ulimo ndithu, wabwino, ndauona Lachitatu. Koma matope nawonso ndi ambiri. Mwayi wanu ndi woti munakwatira mkazi wodziwa kutcheza kawiri."